Mafuta a nyukiliya akamayesedwa, kutentha kwake amakuwongolera bwanji?

Kamphepo: Moni akuluakulu nonse. Pali funso landisowetsa tulo kuyambira dzana. M'kalasi tafika pa ma reactor ofufuzira, aja sapanga magetsi koma ntchito yawo ndi kuyesa zinthu. Ndawerenga kuti madzi oziziritsa reactor yotchedwa ATR (Advanced Test Reactor) ya ku Idaho ku America amalowa ali ofunda chabe, madigiri 50 ndi pang'ono, sawira n'komwe. Koma m'reactor yomweyo anayesamo mafuta a TRISO, timibulu ta uranium tokutidwa ndi zikuto zolimba, pa madigiri oposa 1,000 kwa zaka pafupifupi zitatu. Zitheka bwanji kuti chinthu chomizidwa m'madzi ofunda chikhale chili psuu ngati khala? Nanga munthu akafuna 1,200 osati 1,100, amapotokola chiyani?

Chiphaliwali: Pali batani lalikulu lolembedwa kuti "onjezani moto". Funso lina?

Kamphepo: Achimwene, mayeso ndi sabata yamawa, musandiseke chonde.

Gogo Fizikisi: Msiye ameneyo mwana wanga, tamvera kuno. Choyamba chotsa m'mutu maganizo akuti mafutawo akutenthetsedwa ndi chinthu chakunja. Amadzitenthetsa okha. Neutron, kachidutswa kakang'ono ka atomu, ikamenya atomu ya uranium-235, atomuyo imang'ambika pawiri, zidutswazo n'kuthamanga n'kukaima m'mafuta momwemo. Kuimako ndiye kutentha. Moto uli m'kati. Tsono madigiri amene mafuta afike amadalira zinthu ziwiri: kutentha kukubadwa kochuluka bwanji, ndipo njira yotulukira ndi yotakasuka bwanji.

Choyambacho mwini kafukufuku alibe nacho mphamvu kwenikweni. ATR inayamba ntchito mu 1967, imatha kufika ma megawatt 250, ndipo imanyamula zoyesa za anthu ambiri pa ulendo umodzi. Sungapite kwa oyendetsa n'kunena kuti tsitsani mphamvu, kapisozi wanga watentha. Anzako onse miyezi yawo ingapite pachabe. N'zoona kuti anaikonza mochenjera, mtima wake uli ndi mapiko anayi ndipo phiko lililonse limatha kuyenda pa mphamvu yakeyake pozunguza migolo yokhala ndi hafnium, chitsulo chomeza ma neutron, koma ngakhale zimenezo amagwirizana ulendo usanayambe.

Chotsala ndi khomo lotulukira. Mafuta amawaika m'chogwirira, kawirikawiri cha graphite, chogwiriracho n'kuchilowetsa m'chubu chachitsulo, ndiye kapisozi ameneyo. Pakati pa ziwirizi amasiya kampata kopyapyala, kosafika milimita imodzi, kodzaza gasi. Madzi amakhudza chubu chakunja chokha. Gasi sadutsitsa kutentha ngati chitsulo, ndiye pa kampata kakang'onoko madigiri amagwa mazanamazana. Ndi nzeru ya fulasiki ija, kungoti muno moto uli m'kati ndipo suzima.

Kamphepo: Zikomo agogo, apa zayera. Koma kampatako akakasema asema, si choncho? Kali m'kati mwa reactor, palibe angalowetse dzanja kukakulitsa. Ndiye kusintha madigiri kukuchokera pati?

Nthambo: Achemwali, kampata sikasintha, chimasintha ndi gasi ali m'menemo. Apa ndiye pali kukoma kwa nkhaniyi. Helium amadutsitsa kutentha bwino kwambiri mwa magasi osapsa. Pa kutentha kwa m'nyumba ndi pafupifupi 0.15 watt pa mita pa digiri. Neon ndi 0.05, argon ndi 0.018. Kunena kwina, helium aposa neon katatu, argon amuposa kasanu ndi katatu. Ndiye kuchokera pa kapisozi pamakhala timachubu towonda ngati waya, tokwera mpaka kutulukira pamwamba pa reactor. Kunja kuli mabotolo awiri, la helium ndi la neon, ndi timavalavu toyendetsedwa ndi kompyuta. Thermocouple, kachipangizo koyeza kutentha, ikanena kuti kwazizira, kompyuta imaonjezera neon m'msanganizo, khomo lija limapanikizika, mafuta amatentha. Ikanena kuti kwatentha, imaonjezera helium. Gasiyo amangoyenda pang'onopang'ono, ma cc makumi ochepa pa mphindi, osati kuti iyeyo ndi amene akunyamula kutentha n'kutuluka nako ayi. Ambiri amasokonezeka pamenepa. Gasi ndi mlatho chabe pakati pa makoma awiri.

Ndipo poyatsa reactor amayamba ndi helium yekhayekha. Chikavuta chilichonse, kaya magetsi a makina athima, kaya madigiri alumpha malire, dongosolo limatsegula helium basi. Mbali yozizira ndiyo kothawira.

Chiphaliwali: Chabwino, ndasiya nthabwala. Ngati argon ndi amene amatsekereza kwambiri, komanso ndi wotchipa, bwanji akuvutika ndi neon? Ndalama zawachulukira?

Nthambo: Argon akamenyedwa ndi ma neutron amasanduka argon-41, amene amatulutsa cheza champhamvu chotchedwa gamma, ndipo kuti theka lake lithe pamatenga mphindi pafupifupi 110. Atuluka m'reactor akadali wolusa. Neon nayenso amasanduka neon-23, koma theka lake limatha m'masekondi 37. Ukangomuchedwetsa pang'ono m'paipi, pofika pa makina oyezera wazilala kale. Sikuti argon sagwiritsidwa ntchito konse. Poyesa graphite yekha wopanda mafuta, ku ATR komweko anagwiritsa helium ndi argon. Koma pali mafuta pamafunika gasi wosachita phokoso.

Kadzidzi: Ndionjezereko chifukwa chake "phokoso" likuvuta, poti ndi nkhani yomwe achemwali afunsa ya TRISO. Gasi yemweyo wowongolera kutentha ndi mthenganso. TRISO ndi timibulu tosafika milimita imodzi, kalikonse kali ndi njere ya uranium pakati, yokutidwa ndi carbon wofewa, kenaka carbon wolimba, kenaka silicon carbide, kenaka carbon wolimba kachiwiri. Kamodzi kakasweka, krypton ndi xenon amathawira m'gasi uja, gasiyo n'kudutsa pa makina oyeza gamma, akatswiri n'kuona nthawi yomweyo. Mukathiramo argon-41, chizindikiro chaching'onocho chimira.

Mayeso a TRISO aja, otchedwa AGR-1, anayamba mu Disembala 2006 n'kutha mu Novembala 2009. Munali makapisozi 6 osanjikizana, aliyense ndi mapaipi akeake a gasi, kuti aliyense akhale ndi madigiri ake. Timibulu tinalipo pafupifupi 300,000, ndipo pa nthawi yonseyo gasi sanabweretse uthenga wakuti kena kasweka. Ena mwa mafutawo anapsa mpaka pafupifupi maatomu 20 pa 100 aliwonse a uranium anagawikana. Pambuyo pake anawatenga n'kuwaika m'ng'anjo pa madigiri 1,600 mpaka 1,800 kwa maola mazana, kuyerekeza ngozi.

Mayi_Masamu: Mwafotokoza bwino nonse, koma mwazipeputsa ngati kuti munthu amangolumikiza mabotolo awiri n'kupita kokagona. Ine ntchito yanga ndi kuwerengera zotentha pa kompyuta, ndiye ndiloleni ndidandauleko.

Msanganizo uja uli ndi polekezera. Mbali ina helium yekha, mbali ina neon yekha, kupitirira apo palibe. Tsono pa zaka zitatu palibe chomwe chimakhala momwe chinalili. Uranium-235 akutha, kutentha kobadwa kukuchepa. Ukasema kampata kakang'ono kuti mafuta asapse poyamba, kumapeto udzapezeka watsegula neon yense koma mafuta akadali ozizira, ndipo ulibenso chochita. Ukasema kakakulu kuti kumapeto kukhale bwino, tsiku loyamba helium yekha sakwanitsa kuziziritsa. Walira mvula walira matope.

N'chifukwa chake mu AGR-1 anasakaniza boron carbide m'graphite wa chogwirira. Boron-10 amameza ma neutron, ndiye poyamba amawabisira mafuta. Pamene uranium akutha, boron nayenso akutha, chophimba chikuyera, ndipo mphamvu sigwa mofulumira. Kumeneko ndi kuwongolera kutentha kochitika pa pepala zaka zingapo reactor isanayatsidwe.

Ndiye kampata kaja a Nthambo akuti sikasintha. Pepani bambo, kamasintha. Graphite akamenyedwa ndi ma neutron othamanga amanyala kapena kufufuma, malinga ndi mtundu wake ndi kutentha. Kampata ka gawo limodzi mwa magawo anayi a milimita kakasuntha pang'ono chabe, madigiri asuntha kale makumi angapo, ndipo palibe amene angakayeze mpaka mayeso atatha.

Nthambo: Ndavomera mayi, ndinalankhula mothamanga. Ndimatanthauza kuti munthu sakasintha mwadala.

Chiphaliwali: Ine chikundiopsa n'chakuti mukutchula 1,200 ngati zamasewera. Si pamenepo pomwe uranium amasungunukira?

Gogo Fizikisi: Ayi, wasakaniza manambala awiri. Uranium dioxide, mafuta a ma reactor amagetsi, amasungunuka cha m'ma 2,850. Nambala ukuikumbukirayo ndi 1,204, malire amene malamulo a ku United States amaika pa chubu cha zirconium chokuta mafuta, pa ngozi yotaya madzi oziziritsa. Kupitirira pamenepo zirconium amayamba kulimbana ndi nthunzi mwaukali, kutulutsa hydrogen komanso kutentha kwina pamwamba pa kutentha. Hydrogen amene anaphulitsa nyumba za ma reactor ku Fukushima mu 2011 anachokera kumeneko. TRISO alibe zirconium, n'chifukwa chake amakhala phee pa madigiri amene ndodo wamba ya mafuta yokutidwa ndi zirconium ikanavutika.

Kamphepo: Agogo mwatchula ndodo wamba. Nanga zimenezo amaziyesanso ndi gasi wa m'kampata yemweyu?

Gogo Fizikisi: Nthawi zambiri ayi. Ndodo za ma reactor amagetsi amaziika mu lupu, kutanthauza paipi yotsekeka yodutsa mumtima mwa reactor yofufuzira koma yokhala ndi madzi akeake, pampu yake, hita yake ndi choziziritsira chake. M'menemo amapanga nyengo ya kwawo kwa ndodoyo: madzi a madigiri pafupifupi 300, opanikizidwa mpaka ma bar 155 ngati ndi ya PWR, reactor yamagetsi ya madzi opanikizidwa. ATR ili nawo malupu otere, BR2 ya ku Mol ku Belgium inalinso nayo lupu yotere. Apa kuwongolera kutentha kwa kunja kwa ndodo ndi nkhani ya mapampu ndi mahita, yosavuta kumva.

Chovuta chili m'kati. Timibulu ta uranium dioxide ndi totambalala mamilimita 8 okha, koma ndi dothi lowotcha, ndipo dothi silidutsitsa kutentha bwino. Madzi ali pa 300, pakatikati pa kambulu pangapitirire 1,000. Pa mamilimita anayi! Ndipo ndodo nayo ili ndi kampata kake pakati pa mbulu ndi chubu, kodzazidwa helium kufakitale.

Mayi_Masamu: Ndipo kampata kameneko ndi kankhanza kuposa koyamba kaja. Mbulu umang'aluka tsiku loyamba lomwe, umayamba wanyala pang'ono, kenaka umafufuma, chubu chikufinyidwa ndi madzi kuchokera kunja mpaka ziwirizi zikhudzana. Mafuta akatentha kwambiri amatulutsa xenon, ndipo xenon amadutsitsa kutentha moperewera helium koposa ka 20. Helium akadetsedwa, mafuta amatentha, akatentha amatulutsanso xenon wina. Chinthu chodzidyetsa chokha.

Zambiri zomwe dziko likudziwa pa nkhaniyi zinachokera ku Halden ku Norway, reactor ya madzi olemera yomangidwa m'phanga la thanthwe, yomwe inayenda kuyambira 1959 mpaka 2018. Kumeneko ankaboola kabowo pakati pa timibulu, ngakhale ta ndodo zomwe zapsa kale m'ma reactor amagetsi, n'kulowetsamo thermocouple. Ndi kumene kunachokera mzere wotchedwa Vitanza, wosonyeza madigiri amene mafuta amayambira kutulutsa gasi wambiri, ndipo mzerewo umatsika pamene mafuta akukalamba. Ndi kumenenso anaonera bwino kuti mafuta okalamba sadutsitsa kutentha ngati atsopano. Masamu athu ambiri anaphunzitsidwa ndi manambala a ku Halden.

Nthambo: Tafika pamene ndimadikira. Nonse mukuti "thermocouple ikanena", "thermocouple inaonetsa", ngati kuti kachipangizo kameneka ndi mngelo. Ine ndakhala zaka zambiri ndi ma thermocouple, osati m'reactor ayi, m'ng'anjo za m'mafakitale, ndipo ndikuuzeni zomwe zinandichitikira.

Thermocouple ndi mawaya awiri a zitsulo zosiyana, olumikizidwa kunsonga. Nsonga ikatentha pamabwera kamphamvu kamagetsi kakang'ono, ma millivolt, ndipo tebulo limakuuza kuti ma millivolt akutiakuti ndi madigiri akutiakuti. Tebulolo limagwira ntchito pokhapokha waya akadali chitsulo chomwe chija. Pamalo ena pomwe ndinkagwira, ng'anjo ina inayamba kuononga katundu. Tinkayang'ana pa sikirini, mzere uli tambalale, sukugwedezeka, mwezi wathunthu. Tinatukwana opanga zipangizo, tinatukwana ogwira usiku. Tsiku lina ndinalowetsa thermocouple yatsopano pambali pa yakaleyo. Kusiyana kwake ndinachita kukhala pansi. Yakaleyo inali itakalamba, ikuwerenga mochepekera, ndipo makina owongolera, pokhulupirira bodzalo, ankangoonjezera moto kuti nambala ya pa sikirini isasunthe.

Mwaona msampha? Chipangizo choyezera chikakhala chomwechonso chowongolera, bodza lake silioneka. Mzere wowongoka bwino ndi umene uyenera kukuopsa. Bwererani nazo m'reactor: thermocouple ikayamba kuwerenga motsika, kompyuta ithira neon, mafuta akwera madigiri enieni, ndipo pa sikirini pali mtendere. Ine ndinatha kulowetsa yatsopano. Iwo sangathe, kapisozi anawotcherera kalekale.

Kamphepo: Ii, izi ndiye aphunzitsi sanatiuze. Koma m'reactor chimaikalambitsa msanga n'chiyani, kutentha kokha?

Nthambo: Kutentha ndi ma neutron, awiri onse. Mtundu wa K ndi wa N, ya nickel ija, ma neutron saivuta kwambiri, koma ikakhalitsa pamwamba pa madigiri 1,000 zitsulo za m'chikuto chake zimalowerera m'mawaya n'kusintha msanganizo. Ukati nditenge yopirira moto, ya tungsten ndi rhenium, ma neutron amasandutsa tungsten kukhala rhenium, rhenium kukhala osmium. Waya amene unalowetsa si amene ali m'menemo patatha chaka. Ya platinum ndi rhodium, yomwe m'labu ndi mfumu, m'reactor ndi yachabechabe poti rhodium amameza ma neutron n'kusanduka palladium. Ku Idaho anachita kupanga mtundu wina wa molybdenum ndi niobium, zitsulo zosameza kwambiri ma neutron, pofuna kuthawa vuto lomweli. Ndiye pali kufa kwenikweni, waya kuduka chifukwa cha kutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza reactor ikamazimitsidwa ndi kuyatsidwa. M'mayeso a AGR ma thermocouple ambiri anafa mayeso asanathe.

Mayi_Masamu: N'chifukwa chake ife a masamu tilipo, bambo. Ndipo achemwali adziwenso ichi: mu AGR thermocouple sinali m'mafuta. Inali m'mabowo a m'graphite, pamalo pozizirirako kuti ikhalitse. Madigiri a mafuta amene mumawerenga m'malipoti palibe anawayeza. Anawerengeredwa: ma neutron angati, kutentha kungati, kampata kakakulu bwanji tsiku limenelo, neon wochuluka bwanji. Thermocouple ndi mboni yothandiza kutsimikiza masamu.

Nthambo: Mayi, masamu anuwo munawakonza kuti agwirizane ndi chiyani? Si ndi thermocouple yomweyo? Mboni ikutsimikiza woweruza, woweruza akutsimikiza mboni.

Mayi_Masamu: Ndi thermocouple ya masabata oyamba, isanayambe kunama. Pamenepo waya ndi watsopano, kampata ndi kamene tinakayeza ndi manja. Tikagwirizanitsa pamenepo, kutsogolo masamu amayenda okha, ndipo thermocouple ikayamba kupatuka pa masamu pamene inzake ya pambali sikupatuka, tadziwa wodwala. N'chifukwa chake amaika zingapo m'kapisozi mmodzi n'kumaziyerekeza tsiku ndi tsiku. Palinso mboni yachitatu yomwe a Kadzidzi anaitchula: krypton wotuluka m'gasi amachuluka mafuta akatentha. Neon akamakwera, krypton akamakwera, koma thermocouple ili phee, ndiye kuti ikunama.

Nthambo: Nanga zonse zikapatukira mbali imodzi, poti zonse zili m'moto umodzi? Nanga kampata kakasintha mosiyana ndi momwe munaganizira? Mudzati waya wadwala pomwe odwala ndi masamu.

Mayi_Masamu: Zimachitika, sindikana. N'chifukwa chake mayeso akatha amang'amba kapisozi m'chipinda chotetezedwa, kuyeza graphite, n'kubwereza masamu onse ndi kampata kenikeni. Ndipo palibe amalemba nambala yokha, amalemba ndi kukayika kwake, madigiri makumi angapo uku ndi uku. Koma inu a Nthambo mukanakhala oyendetsa, mawaya onse atafa, mukanatani? Kuzimitsa mayeso a zaka zitatu? Amatenga masamu, amaika neon pa mlingo woti masamuwo akuti ndi bwino, n'kupitiriza.

Nthambo: Ndikanapitiriza, koma ndikanagona ndi diso limodzi.

Chiphaliwali: Abale inu, madigiri 50 pa 1,200 mukukanganiranji? Si pang'ono pomwe?

Gogo Fizikisi: Pa sikelo ndi pang'ono, kwa maatomu si pang'ono. Kuyenda kwa maatomu m'chinthu cholimba sikukwera ngati masitepe, kumakwera ngati phiri lomwe chikweza chake chikunka chikukula. Madigiri makumi ochepa atha kuchulukitsa liwirolo kawiri kapena kuposa. Mu TRISO, siliva amatha kudutsa silicon carbide wosasweka kukatentha mokwanira, ndipo palladium amadya khomalo kuchokera m'kati. Tsono taganiza: ngati mafuta anali otentha kuposa momwe unalembera, udzanena kuti mafuta abwino ndi oipa. Zimenezo n'kutaya ndalama chabe. Koma ngati anali ozizira kuposa momwe unalembera, udzauza oyang'anira chitetezo kuti apirira 1,250 pomwe anangolawa 1,180, ndipo wina adzamanga reactor podalira nambala imeneyo.

Kadzidzi: Tisaiwale kuti mayeso ambiri alibe waya ngakhale mmodzi. Mapaipi ndi mawaya otuluka m'reactor ndi okwera mtengo ndipo si malo onse angalandire. Ndiye pali makapisozi otsekeratu, ongoponyamo. Ku reactor ya HFIR ya ku Oak Ridge ku America amawatcha akalulu, poti ena amathamangitsidwa ndi madzi m'paipi kulowa ndi kutuluka reactor ikuyenda. Amenewa gasi amamusankha kamodzi, kampata amakasema kamodzi, basi. Zina mulibe n'komwe mafuta, chimatenthetsa ndi gamma wa reactor amene amamezedwa ndi chitsulo chilichonse, ma watt angapo pa gramu, m'malo ena kuposa apo.

Ndiye amadziwa bwanji madigiri? Amaikamo tiwaya ta zitsulo zodziwika posungunukira. Mayeso akatha, aka kasungunuka, aka ayi, ndiye kuti kutentha kunafika pakati pa ziwirizi. Koma kamangokuuza pamwamba penipeni, osati kuti zinachitika liti kapena kwa nthawi yaitali bwanji. Njira ina ndi timizere ta silicon carbide. Ma neutron amatifufumitsa, ndipo ukatitenthetsa pang'onopang'ono m'labu timayamba kubwerera mwakale ukangopitirira madigiri amene tinali nawo m'reactor. Timeneti timanena za masiku omaliza. Onse awiri amalankhula mlandu utatha.

Ndipo nthawi zina vuto limatembenuka, umafuna kutentha kutuluke msanga. Mafuta achitsulo a ma reactor a sodium amawamiza mu sodium wamadzimadzi m'malo mwa gasi, ndipo makapisozi ena amadzazidwa NaK, msanganizo wa sodium ndi potassium wosauma ngakhale pa kutentha kwa m'nyumba.

Kamphepo: Pepani, pali pena ndasokonezeka. M'notsi zanga ndinalemba kuti ku Halden ankakweza mphamvu ya ndodo "pochepetsa helium". Ndi chimodzimodzi ndi zomwe a Nthambo afotokoza zija?

Gogo Fizikisi: Ayi, ndipo usazisakanize pa mayeso. Ameneyo ndi helium-3, osati helium wamba. Ntchito yake si kudutsitsa kutentha koma kumeza ma neutron. Ankazunguliza kapaipi kopota kuzungulira ndodo n'kukadzaza helium-3. Akapanikiza gasi wambiri, ma neutron ofika pa ndodo amachepa. Akamutulutsa, mphamvu ya ndodo imalumpha m'mphindi zochepa, reactor yonse osasintha. Ndi mmene ankayesera ngati chubu ching'ambika mbulu ukafufuma mwadzidzidzi. R2 ya ku Studsvik ku Sweden, yomwe inatsekedwa mu 2005, inkadziwika ndi mayeso amenewa. Chovuta chake helium-3 akameza neutron amabala tritium, mtundu wa hydrogen wotulutsa cheza, yoti uzichita kuisefa. A ku France ku OSIRIS anasankha njira ina: lupu yonse inali pa chokwera, n'kumaisendeza kufupi kapena kutali ndi mtima wa reactor.

Ndiye ndibweze mawu anga pang'ono. Ndinati mwini kafukufuku alibe mphamvu pa kutentha kobadwa. Pa reactor yonse alibedi, koma pa ma neutron ofika pakhomo pake ali nayo.

Chiphaliwali: Nanga akafuna kuti zinthu zionongeke mwadala? Ine n'zimene ndingakonde kuonerera.

Kadzidzi: Ziliko. Ku Halden, pa mndandanda wa mayeso wotchedwa IFA-650, ankatenga chidutswa cha ndodo yakale, n'kutulutsa madzi onse m'kabotolo kake reactor ikuyenda pa mphamvu yochepa. Mphamvu yochepayo inkaimira kutentha kotsalira reactor ikazimitsidwa, komwe kumayambira pa 6 kapena 7 pa 100 iliyonse ya mphamvu yonse n'kumatsika. Kuzungulira ndodoyo kunali hita yamagetsi yoimira ndodo zoyandikana nazo, poti ndodo ili yokha imataya kutentha mosavuta kuposa ili pakati pa zinzake. Chubu chinkafufuma ngati baluni n'kuphulika, ndipo kumeneko anaona kuti mafuta opsa kwambiri amanyenyeka kukhala ufa n'kutayikira kunja.

Kwa ngozi ya mphamvu kulumpha mwadzidzidzi kuli ma reactor ake, TREAT ku Idaho, CABRI ku Cadarache, NSRR ku Japan. TREAT inayamba mu 1959, inaima mu 1994, n'kudzutsidwanso mu 2017. Imalavula ma megawatt zikwizikwi kwa kanthawi kosakwana sekondi. Pamenepo gasi wa m'mabotolo sangathandize kanthu, nthawi palibe. Chowongolera ndi kuchuluka kwa mphamvu yomwe waiika m'kugunda kumodziko, ndipo chozimitsa ndi reactor yokha: mafuta ake ndi uranium womwazika m'graphite, graphite akatentha ma neutron sagwiranso bwino ntchito, mphamvu n'kugwa.

Nthambo: Ndipo pa liwiro limenelo thermocouple imachedwa. Ukaiwotcherera pa chubu imakhalanso ngati kamchira kotaya kutentha, malo omwe ikuyeza n'kuzizirako chifukwa cha iyo yomwe. Mayi, pamenepa sindikutsutsani, masamu ndi anu.

Mayi_Masamu: Ndisunga uthenga umenewu.

Kamphepo: Zikomo kwambiri nonse, notsi zadzaza masamba anayi. Kafunso komaliza kwa a Nthambo. Mwati pakavuta amathira helium yekha. Nanga atasiya neon pa mlingo umodzi tsiku lonse osakhudza, reactor ili pa mphamvu imodzimodzi, sangaone ngati thermocouple ikunama?

Nthambo: Tsiku limodzi simuona kanthu achemwali, kupatukako kumayenda madigiri ochepa pa mwezi, nthawi zina kenaka n'kulumpha kamodzin'kamodzi. Pa miyezi, uranium watha pang'ono, migolo ya hafnium yazungulira, graphite wasuntha, ndiye simudziwa wasintha ndani. Ngakhale reactor ikazimitsidwa, zonse zikazizira n'kufanana ndi madzi, kuyerekeza pamenepo kumangokuuzani kuti waya sanaduke. Waya woonongeka amatha kuwerenga bwino pa madigiri 40 n'kunama pa 1,100, chifukwa magetsi a thermocouple sabadwira pansonga, amabadwira m'litali mwa waya pomwe kutentha kukusintha. Chigawo chomwe chinapsa ndi ma neutron chikakhala chonse pa madigiri amodzi sichitulutsa kanthu, chabwino kapena choipa. Chimayamba kulankhula reactor ikayakanso.